Mizere ya Pamsewu ndi Kaimidwe Koyenera pa STOP

Aliyense amene ndakhalapo naye m'galimoto pomuphunzitsa, kaya ndi m'bale wanga kaya ndi mwana wa mnzanga amene akukonzekera mayeso a ku Road Traffic, amafika tsiku lina n'kundifunsa kuti, "Ngati ndaona kale kuti kulibe galimoto imene ikubwera, ndiimirenji pa STOP?" Amene ali kale ndi laisensi amabwera ndi funso lina, ndipo kawirikawiri amabwera nalo risiti ya chindapusa ili m'thumba: "Mzere wake unali utafufutika, nanga ine ndikanadziwa bwanji?" Mafunso awiriwa ndawayankha kambirimbiri, moti ndaganiza zongolemba kamodzi kuti wondifunsanso ndizimupatsa awerenge yekha. Ndikunena za misewu ya ku Malawi, ngakhale kuti zambiri zikugwiranso ntchito ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa, popeza konseku amayenda kumanzere ngati ife, ndipo mayiko a SADC anagwirizana kuti zizindikiro zawo za pamsewu zizifanana.

1. Yambani mwasiyanitsa mizere yotsata msewu ndi yopingasa

Mizere imene imayenda motsata msewu imakuuzani malo anu, pamene mizere yopingasa msewu imakuuzani poima kapena popatsa ena mpata. Penti yoyera imalekanitsa magalimoto okhaokha. Yachikasu ya m'mphepete imasonyeza pamene msewu wa magalimoto wathera kumanzere kwanu, ndipo yofiira m'mbali mwa msewu wa m'tauni imaletsa kuima ngakhale kwa kamphindi kotsitsa munthu. Mzere wodukaduka ndi wololeza: mungathe kuuwoloka mukatsimikiza kuti mpata ulipo. Mzere wosaduka muziuona ngati khoma. Popeza woyendetsa amakhala kumanja kwa galimoto, mzere wapakati umakhala pafupi ndi chigongono chanu chamanja, ndipo ndi umene muyenera kuuzolowera kuposa ina yonse.

2. Pa mzere wapakati, werengani umene uli mbali yanu

Mzere woyera wodukaduka pakati pa msewu umalola kupitirira galimoto ina, zimene ambiri amangoti kuovateka. Mzere umodzi wosaduka umaletsa kupitirira kwa onse ochokera mbali ziwiri, ndipo mizere iwiri yosaduka yoyandikana imaletsa kuwoloka mwanjira ina iliyonse. Pamene anthu amasokonezeka ndi pamene pali mizere iwiri yosiyana, wina wodukaduka ndi wina wosaduka. Lamulo lanu ndi mzere umene wayandikana ndi galimoto yanu. Ngati wosaduka uli mbali yanu, ndinu woletsedwa, ngakhale mukuona obwera kutsogolo akupitirirana momasuka. Mwachitsanzo pachitunda, iwo achitsika kale ndipo akuona patali, pamene inu mukuchikwera kumene ndipo simukudziwa chimene chili kuseri kwake.

Amene anajambula mzere wosadukawo anayeza kutalika kwa pamene maso a woyendetsa amafika pamalopo, n'chifukwa chake mumaupeza pa gulaye, pachitunda, pamlatho ndi pafupi ndi mphambano. Masamu ake ndi awa. Tiyerekeze kuti thiraki ikuyenda makilomita 60 pa ola ndipo inu mukuyenda 80. Kuti muchoke kumbuyo kwake, mudutse utali wake wonse ndi kubwerera kumanzere popanda kuidula mphuno, mufunika masekondi oposa 10. Pa liwiro la 80 galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse, choncho pamasekondi amenewo inu mwayenda mamita oposa 200, ndipo wobwera kutsogolo pa liwiro lomwelo wayenda enanso otero. Mukufunika kuona msewu wopanda kanthu pafupifupi theka la kilomita. Pa mapiri a Chiweta, kapena pamsewu wotsikira ku Golomoti umene anthu amautcha Khwekhwerere, malo oterowo ndi owerengeka.

Cholakwa chofala ndicho kuyamba kupitirira pa mzere wodukaduka n'kukamalizira pa wosaduka. Ngati simungabwerere mbali yanu mzere wosaduka usanayambe, musayambe n'komwe. M'malo ena mumaona mivi yoyera yopindikira kumanzere yojambulidwa pakati pa msewu, ndipo imakuchenjezani kuti bwererani kwanu, mzere woletsa uli pafupi. Cholakwa china ndicho kutsatira minibasi imene ikupitirira, inu muli kumbuyo kwake osaona kanthu. Iyo ikapeza kampata n'kulowa, inu mumatsala nokha maso ndi maso ndi wobwera. Madalaivala a mathiraki ali ndi chizolowezi choyatsa indiketa yakumanja pokuuzani kuti musapitirire, ndi yakumanzere pokuuzani kuti dutsani. Yakumanjayo imvereni nthawi zonse. Yakumanzereyo musaikhulupirire musanaone nokha, chifukwa mwina munthuyo akufuna kukhota kapena kuima, ndipo indiketa ya mnzanu siifafaniza mzere wosaduka.

3. Kumanzere kwa mzere wachikasu si kwanu

Kachigawo ka phula ka kunja kwa mzere wachikasu ndi kumene kumayenda anthu a pansi, a kabaza, ana a sukulu ndi njinga zonyamula makala, ndiponso ndi kumene galimoto yowonongeka imakankhidwira. Amene anazolowera misewu ya ku South Africa amabwera ndi chizolowezi cholowa kunja kwa mzerewu kuti wothamanga wa kumbuyo adutse. Kumeneko lamulo limalola zimenezi masana okha, ndiponso ngati woyendetsa akuona bwino mamita 150 kutsogolo. Pa M1, makamaka poyandikira malo a malonda ngati Lizulu, Tsangano kapena Jenda, kunja kwa mzere wachikasu kumakhala anthu, ndipo usiku njinga yopanda nyale mumaiona mutaifika kale. Wa kumbuyo akakuthwanimitsirani magetsi kapena kukuimbirani hutala, khalani m'malo mwanu pa liwiro lanu, iye adzapitirira mzere ukamulola. Kudutsa mzere wa magalimoto oima poyenda kunja kwa mzere wachikasu, monga amachitira ena m'mawa polowa mumzinda, n'kulakwa koonekeratu.

4. Sankhani kanjira kanu mphambano isanafike

Pamisewu ya tinjira tingapo topita mbali imodzi, ngati Masauko Chipembere Highway pakati pa Blantyre ndi Limbe, yendani kanjira kakumanzere ndipo kakumanja mukasiyire opitirira ndi okhotera kumanja. Poyandikira mphambano, mzere wodukaduka wolekanitsa tinjirato umasanduka wosaduka, ndipo kuchokera pamenepo kusintha kanjira kwatha. Muvi wojambulidwa m'kanjira kanu ukaloza kumanja, khoterani kumanja ngakhale munafuna kupita kutsogolo, kenako mukatembenuke pamalo abwino. Malo olembedwa mizere yopendekera pakati pa msewu muziwaona ngati chilumba chomangidwa ndi simenti, osati poyendapo kapena poimikapo galimoto.

5. Musasokoneze STOP ndi Give Way

Chikwangwani cha STOP n'chofiira, cha mbali 8, ndipo ndi chokhacho pamsewu chimene chili ndi maonekedwe amenewo. Anachipanga choncho kuti muchizindikire ngakhale chitachita dzimbiri, chitamatidwa mapepala a misonkhano, kapena mukuchionera kumbuyo. Chimayendera limodzi ndi mzere woyera, wonenepa, wosaduka, wopingasa kanjira kanu. Cha Give Way ndi cha makona atatu, choloza pansi, ndipo mzere wake wopingasa ndi wodukaduka. Pa Give Way mumachepetsa liwiro, ndipo ngati msewu uli wopanda kanthu mumapitirira osaima. Pa STOP mumaima nthawi zonse, kaya ndi masana kaya ndi 2 koloko usiku kulibe ngakhale galu. STOP amaika pamene oyeza msewu anaona kuti munthu sangathe kuona mokwanira galimoto ikuyenda, kapena pamene msewu umene mukulowawo ndi wa othamanga. Ndilo yankho la funso loyamba lija: chimene mukuti mwaona kale, mwachiona muli pamalo pamene sipaoneka zonse.

6. Imani kwenikweni, ndipo imani kumbuyo kwa mzere

Mukangoona chikwangwani, yang'anani pagalasi lapakati kuti mudziwe amene akukutsatirani, yatsani indiketa ngati mukhota, ndipo yambani kuponda buleki msanga komanso mofewa kuti magetsi ofiira a kumbuyo achenjeze mnzanuyo. Chimene chiyenera kukhala kumbuyo kwa mzere ndi bampala, mphuno yeniyeni ya galimoto. Ambiri amaimika matayala pamzere, osazindikira kuti kutsogolo kwa matayala kwatsala pafupifupi mita yathunthu ya galimoto imene yalowa kale m'njira ya anthu owoloka.

Popeza mzere umabisika pansi pa boneti musanaufike, muyenera kudziwa galimoto yanu. Pezani bwalo lopanda anthu, thirani phulusa kupanga mzere, yendetsani mpaka pamene mukuganiza kuti bampala yafika, kenako tsikani mukaone. Pafupifupi aliyense amene ndamuyesa motere amadabwa, wina atatsala ndi mamita awiri, wina atadutsa kale. Mukaimika bwino, bwererani pampando n'kuona pamene mzere wa phulusawo ukuonekera pawindo lakumanja. M'magalimoto ang'onoang'ono ambiri umaonekera cha pansi pa galasi la m'mbali, ndipo chimenecho chikhala chizindikiro chanu kulikonse.

Kuima ndiye kuti matayala asiyiratu kuzungulira. Mumadziwa kuti mwaimadi mukamva galimoto ikubwerera m'mbuyo pang'ono ngati ikupuma, thupi lanu n'kukhazikika pampando. Ngati simunamve zimenezo, mwangochepetsa liwiro, ndipo woyesa mayeso kapena wapolisi amene waima patsidya amaona matayala, samva zimene munaganiza. Ophunzira ndimawauza kuti awerenge mpaka 3 asanasunthe. Lamulo silitchula masekondi, koma kuwerengako kumapatsa khosi nthawi yotembenuka. Mukatero lowetsani giya yoyamba, ndipo ngati pali chitunda kokani handibuleki.

Ngati muli wachiwiri pamzere, kuima kwa amene ali patsogolo panu si kwanu. Iye akapita, sunthani mufike pamzere n'kuima inunso. Ndipo musayang'ane kumanja iye asanachokeretu, chifukwa kugundana kwambiri pa STOP kumachitika motere: woyamba wasuntha pang'ono n'kuimanso, wachiwiri maso ali kumsewu waukulu, phazi lili pamoto.

7. Kuima kwachiwiri, kumene mabuku ambiri satchula

Nthawi zambiri mukaima bwinobwino kumbuyo kwa mzere, mumapeza kuti simukuona kanthu. Kumanja kwatchinga mpanda wa njerwa, kapena minibasi yaima pakona penipeni kondakitala akuitanira, kapena ndi mwezi wa February ndipo chimanga cha m'mphepete mwa msewu chatalika kuposa denga la galimoto. Apa anthu amalakwa mitundu iwiri. Ena amati poti pamzere sipaoneka, amadutsa osaima n'kukaima kutsogolo, motero aphwanya lamulo ndipo angathe kugunda munthu kapena njinga yodutsa m'mphepete. Ena amaima pamzere, n'kuganiza kuti poti aima ufulu wolowa aupeza, ndiye amalowa mumsewu waukulu mwa chikhulupiriro. Achiwiriwa ndiwo amavulala kwambiri.

Koyenera n'kuima kawiri. Kuima koyamba, pamzere, n'kwa lamulo ndi kwa anthu a pansi: onani kumanja ndi kumanzere ngati pali wowoloka, wa njinga kapena wa kabaza wa njinga yamoto amene akudzera m'mphepete, ndipo kumbukirani kuti ameneyu angachokere mbali imene simukuyembekeza. Mukatero, sunthani pang'onopang'ono ngati munthu woyenda mozemba, kilachi ili theka, phazi lamanja lili pafupi ndi buleki. Mu galimoto ya otomatiki ingomasulani buleki pang'ono osaponda moto. Weramirani kutsogolo pafupi ndi chiwongolero, chifukwa kutero kumakupatsani malo oonera owonjezera galimoto isanasunthe n'komwe. Tsitsani windo ndi kuchepetsa wailesi, popeza thiraki yotsika chitsetse imamveka isanaoneke. Mukafika pamene maso anu akuona msewu mbali zonse, imaninso. Kuima kwachiwiriku ndiko kwa moyo wanu, ndipo mphuno ya galimoto isakhale italowa m'kanjira ka odutsa.

Tsopano yang'anani kumanja, kumanzere, kenako kumanjanso. Timayamba ndi kutsiriza ndi kumanja chifukwa kanjira koyamba kamene mulowe ndi ka ochokera kumanja. Sunthani mutu pang'ono pamene mukuyang'ana, chifukwa chitsulo cha pakati pa galasi lakutsogolo ndi windo chimatha kubisa njinga yamoto yathunthu.

Chovuta chenicheni n'kuyeza mpata. Maso amayeza kutalika bwino, koma amanama pa liwiro la chinthu chimene chikubwera molunjika kwa inu, ndipo chinthu chaching'ono ngati njinga yamoto chimaoneka ngati chili kutali kuposa pamene chili. Muziyeza ndi masekondi. Galimoto ya liwiro la 50 imayenda mamita 14 pa sekondi, ndipo ya liwiro la 100 imayenda mamita 28. Kunyamuka pamene mwaima, kuwoloka kanjira kamodzi ndi kukhazikika m'kanjira kachiwiri kumatenga masekondi 7 kapena 8, ndipo n'kuposa apo ngati mwanyamula matumba a chimanga, kapena mukuchokera mumsewu wa fumbi kumene m'mphepete mwa phula ndi mokwera. Ndiye kuti pamsewu wa othamanga, galimoto imene ili mamita 200 kuchokera pa inu ili pafupi kale, ngakhale ikuoneka ngati kadontho. Dziphunzitseni motere: mukaima pamphambano imene mumadutsa tsiku ndi tsiku, sankhani mtengo kapena polo ya magetsi, ndipo galimoto ikafika pamenepo werengani masekondi mpaka ikudutseni. Pakatha sabata mudzakhala mukudziwa polo imene ili malire anu.

Pokhotera kumanja mufunika mipata iwiri nthawi imodzi, wa ochokera kumanja ndi wa ochokera kumanzere, ndipo musalowe theka n'kukadikira pakati pa msewu wa tinjira tiwiri. Pokhotera kumanzere musaiwale kuyang'ana kumanzereko, chifukwa mwina wina akupitirira mnzake ndipo ali m'kanjira kamene mukufuna kulowako. Wina akakuthwanimitsirani magetsi kuti dutsani, wakupatsani mpata wake wokha. Sakulankhulira njinga yamoto imene ikumudutsa m'mbali. Galimoto yobwera itayatsa indiketa musaidalire mpaka muione ikuchepetsa liwiro ndi kuyamba kukhota. Wa kumbuyo kwanu akayamba kuliza hutala, musiyeni alize. Mukasankha kupita, pitani motsimikiza, chifukwa kukayikira muli pakati pa msewu n'koopsa kuposa kudikira.

8. Malo ena oimapo

Pa maloboti mzere woimapo ndi womwewo, ndipo getsi lachikasu limatanthauza kuti imani, pokhapokha ngati mwayandikira kwambiri moti kuima kungachititse ngozi. Lobiriwira likayaka koma kutsidya kwadzaza, dikirani kumbuyo kwa mzere kuti musatseke mphambano. Magetsi akazima ndipo palibe wapolisi, imani ngati pa STOP ndipo muzipatsana mpata mmodzimmodzi motsata amene anayamba kufika. Umu ndi mmenenso amachitira pa STOP ya mbali zinayi, imene mudzaipeza kawirikawiri mukamayendetsa ku Johannesburg. Wapolisi akakhalapo, dzanja lake limaposa loboti, chikwangwani ndi mzere, ndipo pamene akukonza msewu, zikwangwani zachikasu za kanthawi ndi munthu wa mbendera yofiira zimaposa mizere yakale.

Pa raundabauti, ngati ya Kameza kapena ya Clock Tower ku Blantyre, mzere wolowera ndi wodukaduka, choncho mumapatsa mpata ochokera kumanja amene ali kale mkati. Pa zebula, mizere yowolokerapo anthu a pansi, munthu akangoyamba kuwoloka imani, ndipo galimoto ina ikaima pamenepo musaipitirire, chifukwa yaimira munthu amene inu simukumuona, ndipo kawirikawiri amakhala mwana. Pa milatho yopapatiza ya msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja, amene wayamba kufika ndiye amayamba kuwoloka, ndipo wodikira aime patali ndithu kuti mnzakeyo apeze potulukira.

Pa njanji musachite mwachizolowezi. Sitima za malasha zochokera ku Moatize kupita ku Nacala zimadutsa m'dziko muno kudzera ku Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi, ndipo sitima yolemera chotero singaime pafupi ngakhale woyendetsa atakuonani. Imani, tsitsani windo, mvetserani, ndipo musakwere panjanji ngati kutsidya kulibe malo okwana galimoto yanu yonse. Wolokani ndi giya imodzi osasintha muli pakati.

9. Penti ikafufutika

Apa ndi pa funso lachiwiri lija. Ngati chikwangwani cha STOP chilipo koma mzere watha, lamulo likadalipo: imikani bampala molingana ndi chikwangwanicho, kenako chitani monga tanenera pa nambala 7. Ngati mzere wopingasa kapena mawu a STOP akuonekabe pansi koma chikwangwani chinagwa kapena chinabedwa, imaninso. Ngati zonse palibe, werengani msewu weniweniwo. Wochokera mumsewu wa fumbi, pageti, pamalo omwetsera mafuta kapena mumsewu waung'ono amapatsa mpata amene ali mumsewu waukulu. Yang'anani kutsidya kwa mphambano: mukaona kumbuyo kwa chikwangwani cha mbali 8 chimene chayang'ana obwera kuchokera uko, dziwani kuti mbali yanunso panayenera kukhala chotero.

Pamsewu umene angouthira phula latsopano ndipo sanajambule, kapena umene mzere wapakati unatha kalekale, dzifunseni chimene wojambula akanaika pamalopo. Pachitunda, pa gulaye, pamlatho ndi pamphambano akanaika wosaduka, choncho musapitirire. Usiku wa mvula, pamene phula lonyowa limameza penti yoyera ndipo magetsi a obwera akukuthobwani, chotsani maso pamagetsiwo, tsatirani mzere wachikasu kapena m'mphepete mwa phula kumanzere kwanu, ndipo chepetsani liwiro kufikira pamene mungathe kuima mkati mwa dera limene nyale zanu zikuwalitsa.